Kodi mliri ukabwera tiziyimitsa mpira wamanja wa amayi?

WakuChibavi

Moni nonse a pagulu lino. Ndabwera ndi funso limene lakhala likundisowetsa tulo kuyambira pamene mitambo ya mvula yayamba kusonkhana. Ndimatsogolera timu ya mpira wamanja ya amayi kuno ku Chibavi mumzinda wa Mzuzu, ndipo timakumana Lachiwiri ndi Lachisanu masana pabwalo la fumbi limene tinalambula tokha ndi makasu. Mizere timalemba ndi phulusa, ndipo mitengo ya zigoli ndi ya bulugama. Ambiri mwa ife ndi amayi amasiye, ena amuna awo anapita ku Joni n'kuiwala kwawo, ndipo ena ndi atsikana amene anatenga pakati mu 2020 sukulu zitatsekedwa, osabwereranso m'kalasi.

Nthawi ya Covid-19 tinasiya kukumana kwa miyezi yambiri. Kolera itavuta mu 2022 ndi kumayambiriro kwa 2023 tinasiyanso chifukwa cha mantha. Maulendo awiri onsewa, titabwerera pabwalo tinapeza kuti ena mwa ife atsalira m'njira. Wina anali atabwerera kwa mwamuna amene ankamumenya chifukwa analibe kwina kodyera, wina anali atasiya kumwa mankhwala ake popanda womufunsa, ndipo wina anali atadya mpamba wonse wa geni yake. Palibe mmodzi wa ife amene anamwalira ndi mliri, komabe timu inabwerera yolumala, ndipo mpaka lero ndimadzifunsa ngati tinachita bwino kutseka bwalo.

Dzinja layandikira ndipo tonse tikudziwa mmene matenda otsekula m'mimba amayendera ndi mvula m'madera mwathu muno. Ndikupempha nzeru zanu: mliri wina ukagwa, tiyimitse masewero monga tinachitira kale, kapena tipitirize? Ngati tingapitirize, tichite motani kuti tisaike miyoyo ya amayiwa ndi ana awo pachiswe?

BamboWaKuLuwinga

Amayi, ine ndikuona kuti yankho lake n'lodziwikiratu. Mliri ukagwa aboma amatiuza kuti tipewe kusonkhana, ndipo mpira ndi msonkhano basi. Mpirawo mudzaupeza matenda akadutsa, koma munthu akapita sabwereranso. Ndinaika m'manda mchimwene wanga mu Januwale 2021, mwezi womwe uja dziko linataya nduna ziwiri tsiku limodzi, choncho sindikulankhula izi mwachibwana.

MlangiziWaZaumoyo

Pepani kwambiri chifukwa cha achimwene anu, abambo a ku Luwinga. Mantha anu ndi omveka, koma ndikupempha kuti tisaike miliri yonse mumtanga umodzi, chifukwa iliyonse ili ndi njira yake yoyendera, ndipo njirayo ndi imene iyenera kutiuza chochita.

Covid-19 imayenda ndi mpweya umene timapuma, ndipo imafala kwambiri m'nyumba zotsekeka mmene anthu athithikana. Pabwalo, pamene mphepo ikuwomba, chiopsezo chimachepa, ngakhale mpira wamanja uli ndi vuto lakuti wotchinga ndi wogoletsa amapumirana pafupi. Pa mliri wotere n'zotheka kusiya kaye masewero enieni n'kumachita zolimbitsa thupi motalikirana, m'timagulu ta anthu ochepa, malinga ndi chiwerengero chimene aboma alola nthawi imeneyo. Lamulo likaletseratu kusonkhana, tiyenera kulimvera.

Kolera ndi ina. Siyenda ndi mpweya ndipo munthu saitenga chifukwa chothamanga pafupi ndi mnzake. Imalowa pakamwa kudzera m'madzi kapena chakudya chimene chakhudzana ndi chimbudzi cha munthu wodwala. Choncho choopsa pabwalo panu ndi kapu imodzi imene aliyense amaiviika mundowa, manja amene agwira mpira wa m'matope kenako n'kugwira mandasi, ndiponso malo amene amayi ndi ana amadzithandizira. Mukakonza zinthu zitatu zimenezi, masewero pawokha sabweretsa kolera.

Ndinenenso ichi, chimene ndinachiona pantchito yanga. Mliri wa kolera umene unayamba ku Machinga mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Nkhata Bay, pafupi pathu pompa, inavutika kwambiri. Ambiri amene timawataya pa matendawa ndi amene amafika mochedwa, chifukwa kolera imatha kuumitsa munthu madzi m'thupi m'maola ochepa. Ife alangizi tinkavutika kupeza malo amene tingakumane ndi amayi ambiri nthawi imodzi, amene amatunga madzi, kuphika ndi kusamalira odwala. Timu imene imakumana kawiri pa sabata ndi chuma kwa ife. Mukaitseka, mwatseka khomo limene uthenga ndi klorini zikanalowera.

BamboWaKuLuwinga

Ndamva kusiyana kwake, alangizi, ndipo ndavomereza kuti sindinkakuganizira motero. Koma mabwalo a m'madera mwathu timawadziwa. Kodi pabwalo la amayiwa pali chimbudzi? Ngati palibe, ndiye kuti chinthu chachitatu chimene mwatchula chagwa kale.

WakuChibavi

Funso lanu landikhudza pabala, abambo. Chimbudzi chathuchathu tilibe. Timapempha kwa mayi wina wokhala m'mbali mwa bwalo, ndipo pakhomo pa chimbudzicho palibe posambira m'manja. Kapu nayo ndi imodzi monga anenera alangizi. Ndikuvomereza poyera kuti apa tinalekerera.

WamandasiWaKuZigwagwa

Ine ndikufuna tikambe za mimba, chifukwa mayi wanjala sathamanga. Mukukumbukira mu Epulo 2020 pamene boma linalengeza kuti dziko litsekedwe kwa masiku 21, ife ochita malonda kuno ku Mzuzu tinatuluka mumsewu kukana, ndipo khoti linaletsa kutsekako kusanayambe. Sitinkakana kuti matenda aliko. Tinkadziwa kuti munthu wogulitsa mandasi akapanda kutuluka lero, ana agona ndi njala lero lomwelo. Nthawi ya kolera zinafikanso pomwepo, chifukwa zakudya zophikaphika za m'misewu ndi zimene zimayamba kuletsedwa, ndipo ambiri ogulitsa zimenezi ndife amayi opanda wotithandiza.

Ndiye ndikamva kuti mpira umatukula amayi ndimafunsa kuti umawatukula ndi chiyani. Mpira sugula ufa. Ku timu yathu chimene chinatigwira dzanja ndi banki m'khonde imene timachita tikangomaliza kusewera, titakhala pansi pa mtengo thukuta lisanaume. Mandasi ataletsedwa, ndinakongola ku gulu n'kuyamba kuoda makala ndi tomato, ndipo ndi mmene ana anga anapitirizira kudya. Koma ndivomereze mbali inayo: magulu a banki m'khonde amene ndinalowapo kale, opanda mpira, ankatha msanga nthawi yovuta, chifukwa munthu wa ngongole amachita manyazi n'kuyamba kuthawa misonkhano. Ku timu, ngakhale uli ndi ngongole umabwerabe, chifukwa anzako akufuna wapakati wawo, ndipo ukabwera mumakambirana za kabwezedwe maso ndi maso.

Choncho mayi a ku Chibavi, musatseke, koma ikani thumba lapadera la pangozi, losakongoza ndi chiwongoladzanja, loti munthu akadwalitsa apeze ya kabaza usiku.

MphunzitsiWopuma

Ndaphunzitsa zaka zambiri m'sukulu za pulayimale, ndipo mbali imene ikundipweteka m'funsoli ndi ya atsikana a 2020 aja. Sukulu zinatsekedwa pa 23 Malichi chaka chimenecho ndipo zinayamba kutsegulidwa pang'onopang'ono mu Seputembala ndi Okutobala. Kafukufuku wa boma anapeza kuti m'miyezi imeneyo atsikana oposa 40,000 anatenga pakati ndipo maukwati a ana anafika pafupifupi 13,000, chonsecho malamulo a dziko lino salola ukwati munthu asanakwanitse zaka 18. Ife amene tinkaitana mayina m'kalasi tinaona manambala amenewa ngati mabenchi opanda anthu.

Chimene ambiri sachiona n'chakuti sukulu ikatsekedwa, mtsikana sataya maphunziro okha. Amataya malo okhawo amene munthu wamkulu wosakhala wa m'banja mwake amamuona tsiku ndi tsiku n'kuzindikira kuti nkhope yasintha. Mliri umatseka sukulu, umachepetsa mapemphero, umabalalitsa misika, ndipo mtsikana amatsala m'nyumba ndi aliyense amene ali m'nyumbamo, wabwino kapena woipa. Bwalo la mpira, likayendetsedwa mosamala, limatha kukhala diso lotsala.

Ndikupemphani chinthu chimodzi, mayi a ku Chibavi. Boma lili ndi ndondomeko yolola mtsikana amene wabereka kubwerera kusukulu. Atsikana ambiri sadziwa zimenezi, ndipo amene akudziwa amaopa kusekedwa. Mtsikana amene wazolowera kuimirira pakati pa bwalo anthu akumuyang'ana, n'kuponya mpira m'chigoli mwana wake ali m'manja mwa mnzake kunja kwa mzere, wayamba kale kugonjetsa manyazi amenewo. Musalole kuti timu ikhale mathero ake. Muperekezeni kwa mphunzitsi wamkulu, ndipo amayi akuluakulu a mu timu agawane masiku olera mwanayo.

NyaKaning'ina

Monire mose. Ndiloleni ndifotokoze zimene zinatichitikira ife ku Mchengautuwa kumayambiriro kwa 2023, chifukwa ife sitinatseke.

Tsiku lina Lachinayi wogoletsa wathu sanabwere. Ndi mayi wosajomba, amene amafika woyamba n'kumasesa bwalo, ndipo foni alibe. Titafola pabwalo, malo ake anali opanda munthu, ndipo palibe amene anafuna kuvala chovala chake. Tinasewera chigawo chimodzi chokha, kenako awiri tinanyamuka kupita kwawo mvula ikuwaza. Tinapeza chitseko chotseka, iye atakhala pamphasa, mwana wake wa zaka zinayi ali pamiyendo, maso atalowa m'kati, ndipo m'beseni munali zotuluka zoyera ngati madzi otsukira mpunga. Mwanayo anali atayamba kutsekula m'mimba usiku. Mayiyo ankaopa kupita kuchipatala chifukwa eni nyumba anali atanena kuti wobweretsa kolera pamalopo adzasamuka.

Sabata yapitayo mlangizi wa zaumoyo anali atabwera pabwalo kudzationetsa kasungunulidwe ka Thanzi wobwezeretsa madzi m'thupi, paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, ndipo anatisiyira mapaketi angapo amene ndinkasunga m'chikwama cha mpira. Tinasungunula m'botolo, tinayamba kumumwetsa pang'onopang'ono ndi supuni, mnzanga anathamangira kabaza, ndipo tinapitiriza kumumwetsa m'njira yonse mpaka kuchipatala. Mwanayo anachira ndipo pano ali kusukulu.

Sindikunena kuti mpira unachiritsa mwana. Anamwino ndi amene anamuchiritsa. Ndikunena kuti pa Mchengautuwa ponse, malo okhawo amene kusowa kwa mayi ameneyu kunaoneka tsiku lomwelo anali pansi pa chigoli chathu.

BamboWaKuLuwinga

Nkhani imeneyi yandikhudza, amayi. Koma ndifunse mwaulemu: inu awiri munadziteteza bwanji, poti munagwira mwanayo ndi zovala zake?

NyaKaning'ina

Kuchipatala anatisambitsa m'manja ndi madzi a klorini ndipo anatiuza kuti zovala tikaziviike m'madzi omwewo tisanachape. Tsiku lotsatira alangizi anapita kukathira mankhwala kunyumbako ndi kuchimbudzi. Palibe wa ife amene anadwala.

MwanaWaRumphi

Ine ndikufuna tionenso patali. Chigawo chino chatulutsa akatswiri amene dziko lonse likuwadziwa. Mwawi Kumwenda wa ku Mzimba anasankhidwa kukhala wosewera bwino koposa onse pa mpikisano wa dziko lonse wa mpira wamanja ku Sydney mu 2015. Tabitha ndi Temwa Chawinga ndi a kwathu ku Rumphi, ndipo lero akusewera mpira wamiyendo m'matimu akuluakulu a kunja. Timu ya dziko ya mpira wamiyendo ya amayi, Scorchers, inatenga chikho cha COSAFA mu 2023. Onsewa anayambira pa mabwalo a fumbi ngati lanulo. Nthawi iliyonse imene titseka bwalo kwa chaka chathunthu, pali mtsikana waluso amene amakwatiwa kapena kutaya mtima tisanamuone.

WamandasiWaKuZigwagwa

Timawanyadira atsikana amenewo, achimwene, ndipo ana athu amatchula mayina awo akamaponya mpira. Koma mayi wamasiye wa ana asanu amene akukambidwa pano sakupita ku Sydney. Tikamayeza phindu la timu ndi akatswiri, tidzayamba kusankha othamanga okhaokha, ndipo amene timuyi inapangidwira adzatsala kunja kwa mzere.

MwanaWaRumphi

Mwanena zoona, achemwali. Ndimangofuna kuti pakati pa atsikana aja, amene ali ndi luso asabisidwe.

WotchingaKumbuyo

Pali mawu amene akubwerezedwa pano amene ine amandilasa, ndipo ndikupempha kuti mundimvetse. Ndi mawu akuti amayi ovutika. Ine ndine mmodzi wa amene amamwa mankhwala otalikitsa moyo, ndipo ndinalowa timu chifukwa kumeneko ndinali wotchinga kumbuyo, osati wodwala.

Covid itayamba kuchepa, kunabwera anthu a bungwe lina, sindilitchula, ndi galimoto yoyera. Anatipatsa mayunifomu okongola ndi mipira iwiri, koma kumsana kwa yunifomu kunali mawu onena za kachilombo ndi amayi ovutika. Anatijambula zithunzi, anapereka ndalama ya tsiku limodzi kwa amene analipo, ndipo sitinawaonenso. Zotsatira zake zinali ziwiri. Choyamba, anthu a m'dera anayamba kunena kuti timu ija ndi ya odwala, ndipo amayi angapo, odwala ndi osadwala omwe, anasiya kubwera poopa kulozedwa chala. Chachiwiri, ena anayamba kufunsa ngati kuli alawansi asanabwere kumasewero, chinthu chimene sitinkachidziwa kale. Zinatitengera nthawi yaitali kuti tibwerere mmene tinalili, ndipo mayunifomu aja tinawapinda n'kuwasunga m'katoni.

Ndiye mukamakonza zopitiriza nthawi ya mliri, mayi a ku Chibavi, chenjerani ndi thandizo limene limabwera ndi dzina loti mulivale. Timu ikhale ya amayi a m'dera, aliyense wofuna alowe, wolemera ndi wosauka. Wofuna kuthandiza abweretse sopo, ndowa ndi mpira, ndipo afunse kaye asanajambule munthu. Zachinsinsi za munthu zizituluka pakamwa pa mwini wake, kwa amene iye wamusankha. Ine ndinauza anzanga awiri okha mu timu, ndipo ndi amene ankandikumbutsa tsiku lokatenga mankhwala pamene anthu ankaopa kuyandikira chipatala nthawi ya Covid.

MlangiziWaZaumoyo

Zikomo chifukwa cha kulimba mtima kwanu, amayi. Phunziro limeneli ndi lathunso ife azaumoyo. Tikabwera pabwalo tizilankhula zokhudza aliyense, monga madzi, katemera, sikelo ya ana ndi kulera, ndipo za munthu payekha tizikambirana naye pambali. Mwakhudzanso chinthu chachikulu: mliri watsopano umaphimba matenda akale. Anthu akamaopa chipatala, amayi oyembekezera amajomba sikelo, ana amaphonya katemera, ndipo a mankhwala a tsiku ndi tsiku amadukiza, chimene chimapatsa mphamvu kachilombo kuti kasamamvenso mankhwala. Zipatala zimatha kupereka mankhwala a miyezi ingapo nthawi imodzi kwa amene akumwa mokhulupirika, choncho ndi bwino kufunsa za mwayi umenewu zinthu zisanavute.

Ndiwonjezere kuti uthenga pabwalo uzinenedwa m'Chitumbuka ndi m'Chichewa momwe, chifukwa kuno mayi wachikulire angagwedeze mutu mwaulemu asanamve bwino muyeso wa mankhwala.

GogoWaKuKatoto

Ana anga, ine maondo anandikana kalekale, koma pabwalo sindijomba. Ntchito yanga ndi kulera ana a osewera pamkeka ndi kuyimba nyimbo timu ikagoletsa. Ndikufuna mukumbukire kuti amayi amene mliri umawapsinja kwambiri ndi ife agogo amene tikulera adzukulu amasiye, ndipo ife sitingathamange zigawo zinayi za mphindi 15. Mukanena masewero, musaiwale kuvina, kuyenda limodzi m'mawa, ngakhale fulaye imene tinkasewera tili atsikana ndi mpira wa mapepala. Nthawi ya Covid ankatiuza kuti okalamba ndi odwala shuga kapena kuthamanga kwa magazi ndiwo ali pachiopsezo chachikulu, ndipo tinatsekeredwa m'nyumba. Ndikukuuzani kuti kukhala wekha miyezi, osamva phokoso la anzako, nako kumadwalitsa. Mnzanga wina anayamba kulankhula yekha ndi kukana chakudya, mpaka ana ake anamutengera kuchipatala cha matenda a maganizo cha St John of God kumene anamuthandiza.

Ndinenenso za maliro, poti ndi ife amayi amene timasambitsa thupi ndi kuphika pasiwa. Pa maliro a kolera mwambo umenewu ndi umene umafalitsa matenda. Mawu oti tisiyire azaumoyo kukonza thupi ndi owawa kuwamva kwa mlendo, koma akachokera kwa mayi mnzako amene umaimba naye pabwalo, mtima umawalandira.

BamboWaKuLuwinga

Agogo, mawu anu ndawasunga. Ndiloleni ndinene zimene abambo ambiri amalankhula tikakhala patokha, ngakhale sindigwirizana nazo zonse. Amati mkazi akapita kumpira amabwera mochedwa, amavala zazifupi pamaso pa anthu, ndipo amaphunzira kuyankha. Nthawi ya mliri amawonjezera kuti adzabweretsa matenda m'nyumba. Ngati mukufuna kuti amayi asaletsedwe, itanani amuna awo ndi mfumu ya dera tsiku limodzi adzaone posambira m'manja ndi kumva alangizi. Mwamuna amene waona ndi maso ake savuta ngati amene akungomva mphekesera.

NamwinoWausiku

Kuitana abambo ndi nzeru yabwino, ndipo za zovala n'zosavuta, chifukwa matimu ambiri a m'madera amasewera ndi masiketi aatali kapena chitenje chomanga bwino pamwamba pa kabudula. Koma mawu akuti amaphunzira kuyankha ndikufuna tiwayang'anitsitse, chifukwa ine ndimalandira usiku amayi amene sanayankhe.

Nthawi ya mliri ndalama zimasowa, anthu amapanikizana m'chipinda chimodzi, ndipo nkhanza za m'banja zimakula pamene njira zothawira zatsekeka. Mayi womenyedwa kawirikawiri sayamba ndi kupolisi. Amayamba ndi mnzake amene waona kuti lero sakukweza dzanja polandira mpira. N'chifukwa chake mtsogoleri aliyense wa timu ayenera kudziwa zinthu izi pamtima. Munthu akagwiriridwa afike kuchipatala msanga, asanathe maola 72, chifukwa mankhwala oteteza ku kachilombo ka HIV amagwira ntchito akayambidwa m'nthawi imeneyi, ndipo mapiritsi oletsa kutenga pakati nawonso amafuna changu. Kupolisi kuli ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza. Pali manambala aulere, 116 pa nkhani za ana ndi 5600 pa nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi. Dziko lino lili ndi lamulo loletsa nkhanza za m'banja kuyambira 2006, ndipo mliri suimitsa lamulo limeneli.

Ndichenjezenso za m'kati mwa timu momwemo. Ndinathandizapo mtsikana amene anachitiridwa zoipa ndi mwamuna amene ankawaphunzitsa mpira, amene ankamulonjeza malo mu timu ndi ndalama ya sopo. Pamene pali njala, munthu wogwira wenzulo ndi thumba la ndalama amakhala ndi mphamvu zambiri. Ngati mphunzitsi ndi wamwamuna, pabwalo pazikhala amayi akuluakulu nthawi zonse, asamaitane mtsikana payekha, ndipo ndalama zizisungidwa ndi amayi osankhidwa ndi gulu.

WakuMasasa

Tibwerere ku mvula, chifukwa kuno ku Masasa ndi kumene nkhani imayambira. Nyumba zili m'mapiri motsetsereka, zimbudzi zili kumtunda, zitsime zili kumunsi m'madambo, ndipo mvula ya Mzuzu imagwa mpaka Epulo kapena kupitirira. Madzi a pampopi akasiya kapena ndalama ya pakiyosiki ikasowa, mayi amatsikira kuchitsime ngakhale akudziwa kuopsa kwake. Bwalo lathu limadzaza madzi ochokera kumtunda komweko, ndipo amayi amasewera opanda nsapato. Kodi alangizi, tsiku lotere tisewere?

MlangiziWaZaumoyo

Ayi, tsiku limene pabwalo payenda madzi ochokera kumene kuli zimbudzi musasewere, chifukwa mpira umagwa m'matopemo n'kubwerera m'manja. Komabe kumanani pamalo ouma, muitane mayina, muone amene palibe. Tsiku limenelo ndi labwino kugawana klorini. Pitani kwa mlangizi wa dera lanu kapena kuchipatala cha Mapale mukafunse za klorini wothira m'madzi akumwa, tsatirani muyeso umene akuuzani, ndipo mukathira dikirani mphindi 30 musanamwe. Klorini akasowa, wiritsani madzi mpaka abwadamuke. Thanzi akasowa usiku, sungunulani masupuni ang'onoang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, ndipo wodwala azimwa muli pa ulendo wa kuchipatala, osati m'malo mwa ulendowo.

Za posambira m'manja, simufunika ndalama zambiri. Mpondagiya amafuna kachigubu, chingwe, mitengo itatu ndi kamtengo kopondapo, ndipo sopo mumamumangirira pachingwe kuti asasowe. Ikani mmodzi pakhomo pa chimbudzi ndi wina m'mbali mwa bwalo. Aliyense azibwera ndi botolo lake la madzi, ndipo mpira muziutsuka ndi madzi a klorini mukamaliza.

WamandasiWaKuZigwagwa

Sopo ndi amene adzavute, chifukwa mtengo wake wakwera ndipo mayi sangatenge wa kunyumba. Ife tinagwirizana kuti pa ndalama za chindapusa cha ochedwa ku banki m'khonde tizigula sopo wa timu poyamba, zotsala ndiye zizilowa m'bokosi. Yesani njira imeneyi.

WakuChibavi

Zikomo nonse, yewo chomene. Dzulo ndinawerengera amayi a komiti zimene mwalemba, ndipo tinakhala mpaka dzuwa kulowa. Tapita kwa mayi amene amatibwereka chimbudzi, ndipo wavomera kuti timange mpondagiya pakhomo pake ndi kumuthandiza kukonza chivindikiro cha pabowo. Ndowa ya kapu imodzi taichotsa. Tagawana awiriawiri malinga ndi kuyandikana kwa nyumba, kuti munthu akajomba tsiku limodzi mnzake akamuone dzuwa lisanalowe, ndipo dongosolo limeneli lizigwira ntchito ngakhale aboma ataletseratu kusonkhana.

Pali chimodzi chimene tasiyana maganizo. Amayi akuluakulu akufuna kuti kolera ikangomveka m'dera, ana aang'ono asamabwere pabwalo, chifukwa amakwawa pansi ndi kuika zala m'kamwa. Atsikana aja akuti akaletsedwa kubwera ndi ana, nawonso sabwera, popeza alibe wowasiyira, ndipo iwowa ndi amene ndikuopa kwambiri kuwataya kachitatu. Pamenepa ndikufunabe nzeru zanu.

GogoWaKuKatoto

Mwana wanga, anawo musawaletse. Pezani mikeka iwiri ndi pepala lalikulu la pulasitiki loyala pansi pake, pamalo okwera kutali ndi chimbudzi, ndipo agogo awiri asambe m'manja n'kukhala nawo pamenepo mpaka masewero atha. Oyamwa azipitiriza kuyamwa, chifukwa bere ndi lotetezeka kuposa madzi alionse. Ku Chibavi kuli agogo ambiri amene akungokhala pakhonde, ndipo mukawapempha mwaulemu abwera.

MlangiziWaZaumoyo

Ndikugwirizana ndi agogo, bola mwana amene watsekula m'mimba asabwere pamkekapo koma apite kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo matewera asasinthidwire pamkeka womwewo. Mayi a ku Chibavi, ndilankhula ndi mnzanga amene amayendera dera lanu kuti adzafike pabwalo Lachisanu likudzali. Konzeranitu kachigubu ka malita 5, chingwe ndi msomali wobowolera, kuti mpondagiya woyamba adzamangidwe amayi onse akuona masewero asanayambe.